Tsiku lomwe ndinalima munda wa eni ndi msana

Anthu akamachokera ku Joni amabwera ndi zinthu zooneka: wina njinga, wina mabulangete onenepa aja, wina sola ndi sipika yosokosera mudzi wonse. Mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, anatsika basi pa Chinkhoma ndi chikwama chimodzi chofwifwa. Titachitsegula munatuluka chinsalu chofiira ndi chachikasu chosatha kutambasula, zingwe zosawerengeka, ndi malamba olenjekeka zitsulo. Apongozi anaziyang'ana kanthawi, nafunsa ngati mwana wawo wayamba usodzi.

Iyeyu amagwira ntchito pa kabwalo kena ka ndege zing'onozing'ono kunja kwa Johannesburg, kumene anthu a ndalama zawo amalipira kuti awatulutse pakhomo la ndege ili m'mitambo. Ntchito yake ndi kupinda maparachuti, ndipo amamulipira pa iliyonse yomwe wapinda. Yomwe anabwera nayoyi inali itapuma pa ntchito. Nayiloni amadana ndi dzuwa, akakalamba amayamba kudutsitsa mpweya, ndiye eni ake anaiponya pakona. Mlamu anaipempha kuti idzakhale tenti pa chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi, chomwe chinali Loweruka la sabata yomweyo. Mayi a kunyumba analuluta. Ndalama ya tenti inali yapulumuka.

Madzulo tili pa moto, mwera ukulowa m'mafupa, ndinayamba kumufunsa mafunso, ndipo mnyamatayu akayamba za ntchito yake sapuma.

Akuti mlendo salumpha yekha. Amamumangirira kutsogolo kwa katswiri, malo anayi, ngowe ziwiri m'mapewa ndi ziwiri m'chiuno, ndiye tandem imeneyo. Ndege ikafika mamita 3,000 kapena 4,000 amatsegula chitseko, awiriwo nkudziponya. Katswiri uja amayamba waponya kaparachuti kakang'ono kogwira liwiro, chifukwa anthu awiri pamodzi amalemera, popanda kameneko akhoza kuthamanga mopitirira muyezo chinsalu nkuvutika potseguka. Ndi kameneko amagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo akatsala ndi mamita ngati 1,500 ndi pomwe amatsegula chachikulu chija.

"Nanga chikakana?" ndinafunsa.

"Alamu, mumsana mumakhala ziwiri. Ina ndi ya sipeya. Imeneyo ngakhale ine sindiikhudza, amapinda ndi munthu wa pepala lake, ndipo amaimasula nkuipindanso pakapita miyezi ngakhale sinagwire ntchito. Ku America lamulo limati masiku 180 aliwonse."

"Nanga katswiriyo akakomoka?"

Akuti m'chikwamamo mumakhala kakompyuta komwe kamayeza kutalika ndi liwiro. Kakaona kuti anthu ayandikira pansi akadali pa liwiro lakugwa, kamadula kachingwe kotseka sipeya ija yokha nkutuluka. Kotchuka kwambiri nkopangidwa ku Germany, amakatcha Cypres, kanayamba kugulitsidwa mu 1991. Kenaka anandionetsa mphete zitatu zachitsulo paphewa lililonse, yaikulu, yapakati ndi yaing'ono, zolowetsana. Akuti anazipeka ndi mzungu wina wa ku America dzina lake Bill Booth. Chinsalu chikasokonekera, umangokoka chogwirira cha kudzanja lamanja, mphete zija zimasuka, chinsalu nkupita kwake, iwe nkutsegula sipeya.

Ine ndinamva zonsezi bwinobwino. Anthu akumanena kuti sindinamvetsere, ndi bodza.

Ndinati, "Ndiye ntchito ya katswiriyo ndi yophweka, bola kukumbukira dzanja lamanja." Mlamu anaseka mpaka kutsamwa ndi mbatata. Akuti ku America munthu saloledwa kunyamula mnzake asanalumphe yekha maulendo 500 ndi kukhala m'masewerawa zaka zitatu. Ndinamuuza kuti ine ndinalumphapo pa lole ya fodya ikuyenda, ndipo ndinatera ndi miyendo. Anati chikwamachi ndisachiyandikire, mulibe sipeya, mulibe kakompyuta, ndi tenti basi.

Mmawa wake iye anapita kukaona anzake kumsika, mayi a kunyumba ali kuchigayo. Tsono munthu wanzeru sangaike alendo a ulemu wawo, akuchimuna, pansi pa tenti yomwe sanaiyese. Ndicho chifukwa ndinanyamula chikwama chija kupita nacho kumunda wa kumtunda kwa dambo, komwe chimanga chinali chitakololedwa, kwatsala mizere youma ndi zitsa za mapesi. Sindinkafuna kuuluka. Ndinkangofuna kuti chinsalu chifufume kumbuyo kwanga mwana wina andijambule, chithunzi ndikaike pa WhatsApp ya tchalitchi.

Koma tandem ndi anthu awiri. Panjira ndinakumana ndi mnyamata wa kabaza wa m'mudzi mwathu, wodya bwino, wa ntchafu zopalasira matumba a fetereza. Ndinamuveka malamba a mlendo, ine ndinavala a katswiri, nkumukola malo onse anayi, kete, kete, kete, kete. Pamenepo ndiye ndinachita bwino kwambiri, ngakhale mlamu anavomereza pambuyo pake kuti palibe ngowe yomwe inamasuka.

"Madala, sitinyamuka eti?"

"Unyamuka bwanji wopanda ndege? Ingoseka, akutijambula."

Tinaima moyang'ana komwe mphepo imachokera, chinsalu chitayalidwa kumbuyo. Parachuti za masiku ano si zozungulira zija za m'mafilimu a nkhondo. Ndi zamakona anayi, nsalu ziwiri, yapamwamba ndi yapansi, zosokedwa m'timatumba totseguka kutsogolo. Mpweya ukalowa m'timatumbamo chinthu chonse chimauma nkusanduka phiko. Ndinauza ana asukulu omwe anatitsatira kuti akweze kukamwa kwa timatumbato kuti mphepo ilowe pang'ono.

Mwera wa mu Julaye sudziwa mawu oti pang'ono. Ndinangomva kuti phwaa! kumbuyo, dzuwa nkubisika, mapewa anga nkukokedwa ndi chinthu chopanda chisoni. Miyendo inatsanzika nthaka. Kwa kanthawi kochepa tinali m'malere ndithu, ndipo amene akutsutsa akafunse ana aja. Kenaka ndinagwa chagada kuti khu! mnyamata uja nkundigwera pamimba kuti thi! mpweya wonse wa m'chifuwa nkutuluka pamodzi ndi phala la mmawa.

Ulendo unayambika. Chinsalu patsogolo, ine pansi, iye pamwamba panga atayang'ana kumwamba, ndipo tinkayenda modula mizere, osati motsata. Amene anapanga mizere ya munda umenewo Mulungu amudalitse, anaikweza bwino. Uliwonse unkandipatsa moni pankhongo, kenaka pamsana, kenaka pamatako, ndisanayankhe wina wafika. Ndinali ngati pulawo yomangidwa ku ng'ombe zolumidwa ndi njuchi. Zitsa za mapesi zinayamba ndi jekete langa la ku tchalitchi, zitathana nalo zinapita ku shati. Nsapato imodzi inatsala pa mzere wachitatu. Thalauza linkatsika pang'onopang'ono, lamba wa parachuti wa m'ntchafu ndiye anandisungira ulemu wotsalawo.

Pamwamba panga munthu ankakuwa, "Mayo! Madala, buleki! Gwirani buleki!" Buleki ilipodi, ndi timalupu tiwiri ta zingwe zowongolera, kamodzi dzanja lililonse. Ndinatipeza ndipo ndinakoka tonse tiwiri mpaka pakati. Chinsalu chinangomwa mphepo yochuluka nkutidzutsa, nkutigwetsanso patsogolo. Ana aja ankathamanga m'mbali akuimba nyimbo ya mpira.

Ndi pomwe ndinamva mawu a mlamu, mwana wina atakamuitana. Ankabwera chothamanga, masilipasi m'manja.

"Alamu! Kamodzi kokha! Kokani kamodzi mpaka kathere, chigwa chokha!"

Munthu ukamawerenga mizere ndi mutu, mawu amafika mochedwa. Ndinasiya tonse tiwiri. Munda unatha, tinalowa m'thengo la m'mphepete mwa dambo, ndipo m'menemo munali chitedze chokhwima bwino, cha ubweya wake wonse. Mnyamata wa kabaza chinangomukhudza m'zigongono. Ine, wopanda shati, ndinachisesa chonse. Titatuluka umo tinaboola mpanda wa dimba la mkulu wina wa mpingo, tinadutsa m'bedi la mpiru, tinalowa mu tomato.

"Chakumanja! Alamu, chogwirira chakumanja!"

Apa ndiye panafika phunziro langa lija. Ndinatambasula dzanja lamanja, ndinagwira chinthu chofewa, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Linali khutu la mnyamata uja. Kachiwiri ndinagwira thumba la malaya ake, foni nkugwera m'ngalande. Kachitatu ndinachipeza chenicheni. Mphete zija zinangoti kwete, ife tinaima pomwepo, phee, mutu wanga uli pakati pa tomato wophwanyika.

Chinsalu chitapepukidwa chinakwera chokha, zingwe zili lendelende, nkulunjika ku mjigo. Amayi anabalalika, ndowa mbwee, wina akufuula kuti ndege ya afiti yagwa masanasana. Chinakathera mu mtengo wa mthethe, minga nkuchilandira.

Mlamu atafika sanandifunse ngati ndili moyo. Anagwada, nagwira paphewa panga, nayang'anitsitsa zitsulo. "Mwaona? Zakale chonchi koma zamasuka bwinobwino!" Kenaka anandiuza kuti ngakhale kuntchito kwawo, tsiku la mphepo pamakhala anthu odikirira pansi kuti tandem ikangotera athamangire kugwira zingwe zowongolera chinsalu chisanawakoke, ndipo mphepo ikanyanya ndege siinyamuka nkomwe. Mfundo yofunika chonchi anaisunga usiku wonse, nkudzandiuza ndili mu tomato.

Za chitedze sindinena zambiri. Amene anakumana nacho akudziwa, amene sanakumane nacho sangamve. Anandipaka matope, anandipaka phulusa, wina anabwera ndi ndowe ya ng'ombe, ndipo ndinavomera zonse. Mayi a kunyumba atabwera kuchigayo anaima pakhomo, ufa uli pamutu, nayang'ana ine, nayang'ana chinsalu chong'ambika pakati chomwe anyamata anatsitsa mu mthethe.

"Bambo a ana, akuchimuna akhala pati Loweruka?"

Ndinati telala alipo. Sanayankhe, ndipo ndiwo za tsiku limenelo zinalibe mchere.

Mawa lake kunali bwalo kwa amfumu, milandu itatu: dimba, foni, ndi ufiti. Wa ufitiwu ndi umene unadzaza anthu. Gogo wina analumbira kuti anandiona ndi maso ake ndikuchokera kumpoto, ndili chibadwire, nditabereka munthu woti ndikamudye. Anandipulumutsa ndi bambo wina yemwe anapuma usilikali, amene anaimirira nati asilikali a parachuti a ku Salima amagwiritsa ntchito zinthu zomwezi, ndipo palibe anawatengerapo kwa sing'anga. Aphunzitsi akale a pasukulu yathu anaonjezera kuti ngakhale ku France, mu 1783, munthu wina dzina lake Lenormand anadziponya kuchokera pansanja ya ku Montpellier ndi parachuti yopanga yekha anthu akuonerera, ndipo dzina lake lili m'mabuku. Ndinayamba kukhala mowongoka. Amfumu anafunsa ngati mzunguyo anaphwanya tomato wa munthu. Aphunzitsi anakhala pansi.

Dimba anandigamula kukonza mpanda ndi kulipira tomato pa mtengo wa pa Chinkhoma, osati wa pamunda. Za ufiti zinathetsedwa, komabe nkhuku ya amfumu inapita chifukwa choopseza amayi pa mjigo.

Pa mlandu wa foni ndiye ndinapempha kulankhula. Ndinafunsa mlamu pamaso pa onse kuti ku Joni amalipira ndani, katswiri kapena mlendo. Anayankha monyinyirika kuti mlendo, ndipo ndi ndalama zambiri, wofuna kujambulidwa amaonjezera. Ndinati, "Zikomo. Mfumu, mnyamatayu ndi wa kabaza, amadziwa kuti wokwera amalipira. Ndinamunyamula kuchoka kumtunda mpaka kudambo, pamalo ofewa, sanakhudze pansi ngakhale chidendene, ndipo kanema wake ali m'mafoni a mudzi wonse. Achotse mtengo wa foni pa ngongole yakeyo, chotsalacho ndimukhululukira."

Bwalo linaseka mpaka nduna ina inagwa pa mpando. Amfumu anapukuta misozi, nati mfundo yanga ndi yomveka, koma woyendetsa analibe laisensi. Foni ndinagula.

Telala anasoka chinsalu chija Lachisanu usiku, chinatsala theka. Pa chinkhoswe akuchimuna anakhala pamthunzi, akuchikazi padzuwa, ndipo mayi a kunyumba analamula kuti ngodya zonse zinayi zimangidwe ku mitengo yamoyo, ine ndikhale kutali ndi zingwe. Mwambo wonse ndinauonera chiimire chifukwa kukhala pansi kunali kusanatheke, ndipo wamkulu wa akuchimuna popereka mawu anayamikira kuti sanaonepo bambo wa mwana waulemu chotere.