Kachubu kamene kanandiwononga nkhope, ndi mmene ndinakasiyira

Nkhope yanga yayamba kubwerera mwakale, ndiye tsopano ndikhoza kulankhula. Ndalimbana nayo miyezi 7 nkhaniyi. Ngati inunso mwakodwa ndi mafuta ogula pamsika, choyamba n'ichi: popita kuchipatala nyamulani kachubu kake, ngakhale katatha, ngakhale kabokosi kokha.

Ine ndinayamba chifukwa cha ziphuphu. Mayi wina wa pamsika pa Kasungu boma anandigulitsa kachubu n'kunena kuti pakatha sabata ndidzamuthokoza. Zoonadi ziphuphu zinaphwa, nkhope inasalala n'kuyamba kuyera. Ndinadzola chaka chathunthu, m'mawa ndi madzulo, n'kuwonjezeranso losheni ina imene ankati yachokera ku Chipata. Kenako zinatembenuka. Dzuwa la mu Okutobala likandiwomba, masaya ankaotcha ngati ndapaka tsabola. Timitsempha tofiira tinayamba kuonekera, tiubweya kumera m'masaya, ndipo ndikangosiya masiku 2 nkhope inkatupa ndi kuyabwa mpaka ndidzolenso.

Tsiku limene limandipwetekabe mtima ndi Lolemba limene ndinapita kuchipatala koyamba. Ndinadzuka 4 koloko ku Santhe, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka kuboma, buku la kuchipatala m'manja. Ndinakhala pabenchi kuyambira 7 koloko. Anandiyeza sikelo, anandilemba m'kaundula, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa chimene ndabwerera. Nditalowa cha m'ma 12, bambo amene ndinawapeza anangoyang'ana nkhope yanga n'kunena kuti, "Mayi, izi n'za a khungu, ndipo iwo amaona anthu Lachinayi." Basi. Maola 5 pabenchi kuti ndimve mawu amene munthu wa pakhomo akanandiuza m'mawa! Kulemba kapepala n'kumata pachitseko kungavute chiyani? Ndalama ya thiransipoti ndinachita kukongola, ndipo ndinabwerera dzuwa lili paliwombo, nkhope ikunyeka. Inu funsani kaye tsiku la a khungu musanakwere galimoto.

Lachinayi ndinawapeza, munthu wodekha kwambiri. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Mumadzola chiyani?" Ine kuyamba kufotokoza mtundu wa kabokosi. Mwayi wake mchemwali wanga anali kunyumba, anajambula kachubu ndi botolo n'kutumiza pa WhatsApp. Atakuza chithunzicho anandionetsa timalemba ting'onoting'ono: clobetasol. Akuti ndi mankhwala enieni a gulu la steroid, amphamvu kwambiri ngati betamethasone kapena kuposa, operekedwa pa matenda a khungu ngati psoriasis kwa masabata ochepa, ndipo kumaso salola. Kuyera kumene ndinkanyadira kuja n'chifukwa chakuti amafinya timitsempha ta magazi ndi kuchepetsa melanin, chinthu chimene chimatipatsa khungu lakuda n'kumatitchinjiriza kudzuwa. Pomwepo khungu limapyapyala, mafuta ake achilengedwe amachepa, madzi amathawa, ndiye sopo, thukuta ndi tizilombo zimalowa mosavuta. Ndi mmene ndinamvetsera chifukwa chimene madzi enieniwa ankandilumira.

Ndaiwala kunena za chipere chimene chinali m'khosi. Ndinkachipakanso mafuta omwewo chifukwa kuyabwa kunkaleka, osadziwa kuti ndikuchilimira munda. Steroid amafooketsa chitetezo cha khungu, ndiye chipere chimafalikira mobisala. Chinafika mpaka paphewa.

Losheni ija anapezamo hydroquinone. Iyi imatsekereza khungu kupanga melanin, koma ukaidzola nthawi yaitali, makamaka ukuyenda padzuwa, imasiya mawanga akuda bii m'masaya, amene iwo amati ochronosis, ndipo kuchoka kwake n'kovuta zedi. Anandiuza kuti nditaye tsiku lomwelo. Kachubu ndiye anati ndisasiye kamodzin'kamodzi. Anandisinthira ku hydrocortisone wa 1%, wofooka, n'kundilembera mochepetsera: tsiku lililonse, kenako kudumphitsa tsiku, kenako kawiri pasabata, mpaka kusiya. Pachipere anandilembera clotrimazole. Pawindo la mankhwala anali atatha, ndinakagula kufamase ya m'tauni. Kumenekonso muziwerenga kabokosi, chifukwa alipo mafuta ena a chipere osakaniza ndi betamethasone, ungabwerere pomwe unachoka.

Masabata oyamba anali owawa, sindikunamizani. Nkhope inasenda, inada kuposa kale, ziphuphu zinabwera zambiri, ndipo kutchalitchi sindinapite mwezi wonse. Usiku wina ndinatsala pang'ono kukafukula kachubu kaja. Chimene chinandigwira mtima ndi mawu awo akuti khungu lapamwamba limadzikonzanso pafupifupi masabata 4 alionse, ndiye ndisaweruze ndi kalilole wa tsiku limodzi. Ndinkasamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule, kenako Vaseline pang'ono khungu lisanaume. Kumunda chipewa chachikulu pamwamba pa duku. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 ndi odula, anga anandigulira mlamu wanga ku Lilongwe, ndipo ndimadzola m'masaya mokha kuti asathe msanga.

Timitsempha tija sitinathe tonse, ndipo tsaya lakumanja lidakali ndi banga. Akuti likapanda kusintha anditumiza ku Kamuzu Central. Ndikupitanso Lachinayi la mawa ndi mwana wa achimwene anga, amene wayamba kudzola mafuta ena ofanana nawo. Ndamuuza kale kuti kachubu kake akaike m'chikwama lero lomwe.