Sipika ndiyo ndingayambe kugula

Chigawo cha zokuzira mawu ndicho chandigwira mtima kwambiri pa maphunziro athu a zamagetsi kuno ku Chipata. Aphunzitsi anatifunsa kuti munthu wofuna hi-fi ya pakhomo, zida zolizira nyimbo momveka bwino, ndalama zili zochepa, aziponye pati. Anzanga ambiri anati pa amplifaya. Ine ndaima pa masipika.

Foni ndi kompyuta za masiku ano zimatulutsa mawu oyera ndithu, bola nyimboyo ikhale yojambulidwa bwino. Ngakhale CD, imene inatuluka mu 1982, inali kale pa 44.1 kHz, kutanthauza kuti imasunga mawu mpaka pafupifupi 22,000 Hz, pamene khutu la munthu limalekezera pa 20,000 Hz. Amplifaya yabwino imangokuza zimene yalandira. Ntchito yovuta ili ndi sipika, chifukwa iyo ndiyo imasandutsa magetsi kukhala mawu pogwedeza pepala ndi koilo pafupi ndi maginito, ndipo mawu amapotoka kwambiri pamenepo.

Tinatsegula bokosi limodzi la sipika m'kalasi. Pansi panali woofer ya besi, pamwamba ka tweeter ka mawu oonda, ndipo m'kati munali kabolodi ka crossover kamene kamagawira iliyonse mawu ake. Nditaika chala pa woofer nyimbo ya kalindula ikulira, ndinamva pepala likukankha chala changa nthawi iliyonse besi ikagunda.

Chimene chimandiwawa ndi manambala a PMPO olembedwa pa makatoni m'mashopu, oonetsa mawati a kamphindi chabe. Munthu amaona mawati masauzande n'kutulutsa makwacha amene wawavutikira chaka chonse m'munda wa nshawa. Nambala yoyenera kufunsa ndi RMS, imene imaonetsa mawati amene chipangizo chingakwanitse mosalekeza. Palinso ina imene anthu saiyang'ana, ya dB, yoonetsa kukula kwa mawu amene sipika imatulutsa pa wati imodzi: sipika ya 90 dB imafuna theka la mawati amene ya 87 dB ikufuna kuti zilire mofanana. Muonenso ma ohm, chifukwa sipika ya 4 ohm imakoka magetsi ambiri kuposa ya 8, ndipo amplifaya yosakonzedwera zimenezo imatentha. Amplifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka mawu kusasa imawotcha tweeter.

Chachiwiri kwa ine ndi chipinda. Nyumba zambiri ku Kapata ndi ku Mchini ndi za simenti pansi, malata pamwamba opanda siling'i, choncho mawu amangobwerera uku ndi uku. Kuyala mphasa kapena kapeti, kupachika makatani okhuthala, kuchotsa sipika pakona pamene besi imafufuma, ndi kukweza tweeter kufika pa msinkhu wa khutu mutakhala pansi, zonsezi zimasintha mawu popanda kugula chipangizo china. Za mawaya odula sindingataye nazo nthawi. Wa kopa wonenepa bwino ndi wokwanira.

Panopa ndikuwerenga za amplifaya za Class D. Sizitaya magetsi ambiri potentha, ndipo zina zimayenda pa batire la 12V. Chiyambire kuzima kwa malaiti kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, makomo ambiri kuno amadalira sola, ndiye ndikufuna kudziwa kuti batire limodzi lingalize masipika awiri a 90 dB kwa maola angati.