Ovataimu imawerengedwa pa sabata, ngakhale malipiro atuluke pa masabata awiri

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa mafunso a ovataimu amene akhala akutizunguza mutu m'phunziro la kawerengedwe ka malipiro. Buku lomwe tikugwiritsa ntchito limatenga zitsanzo zake ku America, kumene antchito ambiri amalandira malipiro pa masabata awiri aliwonse, kutanthauza ka 26 pa chaka. Zochulukitsa maola ndi malipiro a pa ola sindizikamba, popeza aliyense amene wafika pa mutu umenewu amazidziwa kale.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi chakuti tsiku lolandira ndalama silisintha kawerengedwe ka ovataimu. Lamulo la zantchito la ku America lotchedwa Fair Labor Standards Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1938, limayang'ana sabata imodzi ya maola 168 payokha, ndipo ola lililonse lopitirira maola 40 m'sabata imeneyo liyenera kulipidwa kamodzi ndi theka. Sabata yotsatira singabwere kudzameza maola amene anapitirira m'sabata yoyamba, ngakhale masabata onsewo ali pa pepala limodzi la malipiro. Msampha wake umaoneka bwino pa wantchito wolandira madola 16 pa ola, amene wagwira maola 46 sabata yoyamba ndi 34 sabata yachiwiri. Ukaphatikiza umapeza 80, ndiye maso amakuuza kuti palibe chopitirira ndipo alandire madola 1,280. Komatu sabata yoyamba ili ndi maola 6 oyenera madola 24 lililonse, choncho sabatayo ikupereka 784, yachiwiri 544, zonse pamodzi 1,328. Madola 48 amenewo ndi thukuta la munthu limene likanatsalira kwa abwana chifukwa chongophatikiza masabata.

Njira imene ndaikonda, ndipo ndikuona kuti ikuposa zonse za m'bukumo, ndi yolipira kaye maola onse pa mtengo wa masiku onse, kenaka n'kuwonjezera theka la mtengowo pa maola opitirira okha. Maola 80 akupereka 1,280, maola 6 kuchulukitsa ndi madola 8 akupereka 48, basi yankho latuluka m'mizere iwiri. Ubwino wake ndi wakuti theka lija limaonekera poyera, moti ukaliiwala umazindikira nthawi yomweyo. Chofunika kusamala ndi mphindi zokha, pakuti maola 7 ndi mphindi 45 amalembedwa 7.75 osati 7.45.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera phunziro lonse akulemba mizere ya msonkho ndi zodula zina pa bolodi, koma mfundo yoti ovataimu imawerengedwa pa sabata anangoitchula belu litatsala pang'ono kulira. Sanatikumbutsenso kuti malire a maola 40 si a dziko lonse lapansi. Kuno ku Malawi, Employment Act ya 2000 imaika maola 48 pa sabata, ndipo wogwira ntchito pa tsiku lake lopuma kapena pa holide amalipidwa kawiri, choncho woloweza 40 osafunsa kuti funso likukamba za dziko liti adzalakwa mayeso atawerengera bwinobwino. Mwina nawonso nthawi ikuwathawa, popeza silabasi ndi yaitali, koma ife ophunzira madzulo titachoka kuntchito sitingakwanitse kufukula tokha chilichonse.

Pamene sindinafike podzidalira ndi pa mafunso amene wantchito ali ndi mitengo iwiri ya pa ola m'sabata imodzi, kapena walandira bonasi imene iyenera kulowa m'mtengo wowerengera ovataimu. Palinso zipatala za ku America zimene zimaloledwa, zikagwirizana ndi antchito, kuwerengera maola 80 pa masiku 14 pamodzi ndi malire a maola 8 pa tsiku. Ndikuganiza kuti njira yanga ya theka igwirabe ntchito pamenepo, koma sindinaiyese mokwanira, ndipo kaya wochonga mayeso adzailandira popanda kuona mzere wa madola 24.