Tabuleti yakale ikhoza kuyendetsa loboti, bola musaisenzetse zonse

Matabuleti a Windows otchipa aja a m'ma 2014 ndi 2015, okhala ndi purosesa ya Intel Atom Z3735F ndi RAM ya 2 GB, amakwanitsa kuyendetsa ROS 2, mapulogalamu a pa Linux oyendetsera maloboti, pa kaloboti ka matayala awiri. Chachikulu n'kugawa ntchito. Tabuleti iziganiza kolowera, koma kuyendetsa mamota kusiyireni Arduino kapena ESP32, timabolodi tating'ono tolamulira zipangizo zamagetsi. Linux wamba sasunga nthawi mpaka pa milisekondi, ndiye akangotanganidwa pang'ono mota imayamba kudukiza.

Chopunthwitsa choyamba chili pa kuika Ubuntu, mtundu wa Linux, pa tabuletiyo. Purosesayi ndi ya 64-bit koma UEFI yake, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito mukayatsa tabuleti, ndi ya 32-bit, n'chifukwa chake fulashi yanu yoikira Ubuntu siioneka poyatsa. Ikani fayilo ya bootia32.efi mu foda ya EFI/BOOT pa fulashiyo, zimitsani Secure Boot, ndipo mukamaliza ikaninso grub-efi-ia32 kuti tabuleti iziyaka yokha popanda fulashi. Tengani Ubuntu Server 22.04 ndi ROS 2 Humble, yomwe ithandizidwe mpaka Meyi 2027. Ikani ros-humble-ros-base basi. RViz ndi Gazebo, mapulogalamu oonera ndi kuyeserera loboti pa sikirini, n'zolemera, zikhale pa laputopu ina ya pa Wi-Fi yomweyo, ROS_DOMAIN_ID, nambala imene makina a ROS 2 amadziwirana, ikhale yofanana mbali zonse ziwiri.

Pomanga mapulogalamu, colcon, chida chomangira cha ROS 2, amayambitsa ntchito zingapo nthawi imodzi, RAM n'kudzaza, tabuleti n'kungoti zii. Lembani MAKEFLAGS="-j1" colcon build --parallel-workers 1, muonjezereko swap ya 2 GB, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza. Zichedwa ndithu, koma zitha.

Pa chingwe cha USB m'pamene ambiri amatayira tsiku. Ma Arduino otchipa amagwiritsa ntchito chipu cha CH340, ndipo pa Ubuntu 22.04 pulogalamu ya brltty, yothandiza anthu osaona kuwerenga Braille, imachilanda: /dev/ttyUSB0, dzina la Arduino pa Linux, imaoneka kamphindi kenako n'kusowa. Ngati simuifuna, ichotseni ndi sudo apt remove brltty, kenako dzilowetseni mu gulu la dialout, lololedwa kugwiritsa ntchito doko la Arduinoyo. Dziwaninso kuti ambiri mwa matabuletiwa ali ndi doko limodzi la micro-USB, ndipo mukalumikiza OTG, kachingwe kolumikizira Arduino ku dokolo, sachajanso. Yesani izi musanamange chilichonse, chifukwa loboti iyenda nthawi imene batire ya tabuleti ikwanitse basi.

Mamota akhale ndi batire yawoyawo, osatenga moto ku USB, koma waya wa GND (wa negetivu) ukhale umodzi ndi wa Arduino. Tabuletiyi ilibenso fani. Mukaimangirira chagada pa thabwa, ikatentha purosesa imadzichepetsa liwiro, choncho siyani kampata ka mpweya kumsana kwake. Lembaninso systemctl mask sleep.target suspend.target kuti isagone loboti ili pa ulendo.

Chimodzi chokha musachinyalanyaze. Mu pulogalamu ya Arduino lembani kuti pakadutsa mamilisekondi 500 popanda lamulo latsopano, mamota aime. Wi-Fi ikaduka kapena tabuleti ikauma, Arduino amangopitiriza lamulo lomaliza, ndipo loboti imakagunda khoma ili pa liwiro.