Mphaka wokana usipa: n'chibadwa kapena tamusasatitsa tokha?

Anthu oweta amphaka timakangana zinthu zoti ena akamva amangopukusa mutu, koma mkangano wa zakudyawu ndiye sutha. Ena amati mphaka amabadwa ndi matama, ndi mmene analengedwera basi, olo umuphikire bwanji adzabwera n'kununkhiza mbale kenako n'kukuyang'ana ngati wamutukwana. Ena, makamaka akuluakulu amene anakulira kumudzi, amati ayi, matama amenewo ndi a mtauni, inu ndi amene mumawasasatitsa ndi zakudya zam'mapaketi, kwathu mphaka amadya mkute osadandaula.

Ine ndili chapakati koma ndapendekera mbali imodzi. Lilime ndi mantha a chakudya chachilendo amabadwa nazo, pamenepo palibe chokambirana. Koma zoti ichi ndi chakudya, ichi si chakudya, amaphunzira, ndipo amaphunzira ali kamwana, kwa mayi ake ndi kwa ife omwe. Ndipo zoti mphaka wakumudzi sasankha ndimakana kwamtuwagalu. Amasankha nayenso, kungoti palibe amene amakhala pansi kumuonerera akudya.

Tiyambe ndi za chibadwazo. Mphaka samva kutsekemera. Sikuti shuga samukonda ayi, samumva kumene. Mu 2005 akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anapeza kuti gene ina (kachidutswa ka malangizo achibadwa amene timatengera kwa makolo) yotchedwa Tas1r2, imene imathandiza lilime kumva zotsekemera, kwa amphaka inawonongeka kalekale ndipo sigwira ntchito. Anayezanso tiger ndi cheetah, chimodzimodzi. Ndiye mukamati "koma wanga amanyambita keke ndi yogati", akutsata mafuta ndi mkaka zili mmenemo, shugayo kwa iye kulibe. Zowawa ndiye amazimva bwino kwabasi, n'chifukwa chake kubisa piritsi m'chakudya cha mphaka ndi ntchito yakalavulagaga, amadya mozungulira n'kukusiyira piritsi lako lili mbee pakati pa mbale.

Timalo tomvera kukoma palilime lake n'tochepanso, pafupifupi 500 pomwe ife anthu tili nato cha m'ma 9,000. Ntchito yambiri imagwira ndi mphuno. Mphaka wachimfine amasiya kudya chifukwa chakudyacho sichikumununkhira, ndipo nyama yochokera mu filiji amaikana pa chifukwa chomwecho, yozizira fungo silituluka. Anayezapo pa amphaka okalamba, anakonda kwambiri chakudya chofunda madigiri 37, kumene ndi kufunda kwa khoswe amene wangophedwa kumene. Zonyansa kuziganizira koma ndi zoona zake.

Ndipotu tikamamuyerekeza ndi galu timamulakwira. Galu anazolowera kudzala, chilichonse chimalowa, chovunda chomwe, akasanza abwereranso. Kholo la mphaka ndi Felis lybica, m'bale weniweni wa vumbwe amene amatha nkhuku kumudzi uja, nyama yosaka yokha yokha, imene imadya tinthu ting'onoting'ono tophedwa pompo, kangapo patsiku. Anayamba kuyandikira anthu cha ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo atatsata makoswe m'nkhokwe za alimi oyamba, ku Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 mmene munthu anaikidwa limodzi ndi mphaka. Nthawi yonseyi anthu sankamudyetsa kwenikweni, ankadzisakira, ndiye thupi lake silinasinthe mmene linasinthira la galu. Chiwindi chake sichitha kuchotsa poizoni wina amene ife ndi agalu timachotsa, panado mmodzi yekha atha kumupha, chonde musadzayerekeze kumupatsa ati chifukwa akuoneka wofooka. Nyama yotereyi ikamanunkhiza kaye, kuzungulira mbale, kubwerera m'mbuyo, si mwano ayi. Amene ankangomeza zilizonse anafa osasiya ana.

Koma chibadwa chokha sichingalongosole za amphaka anga awiri. Bonya ndinamutenga kwa agogo ku Ntcheu ali wamkulu kale pang'ono, anakulira pa mbewa, abuluzi, ziwala ndi zotsala za pa mphasa. Dona anandisiyira banja lina limene linkabwerera kwawo kunja, iyeyu chibadwire ankangodziwa timabisiketi touma ta amphaka tija. Dona ukamuikira usipa amaununkhiza n'kuyamba kupalasa pansi mbali mwa mbale ngati akufuna kuukwirira. Mutu wa chambo, womwe anthu timalimbirana, sayang'anako n'komwe. Bonya naye atapatsidwa timabisiketito koyamba anangotimenya ndi dzanja n'kumatithamangitsa pasimenti, kwa iye tinali timiyala toseweretsa. Onse ndi amphaka, lilime limodzi, koma aliyense ali ndi chakudya chimene amachiona kuti si chakudya.

Izi si za kwanga kokha. John Bradshaw, amene panthawiyo anali ku University of Southampton, ndi anzake anafalitsa kafukufuku mu 2000 woyerekeza amphaka a m'nyumba ndi amphaka a m'mafamu ku England. A m'nyumba ankapewa nyama ya ng'ombe yaiwisi, a kufamu ankapewa zouma zolimba zija. Nditawerenga ndinaseka ndekha, Dona ndi Bonya enieni, kungoti achizungu.

Amene anaikumba nkhaniyi mozama ndi katswiri wina wa ku China dzina lake Zing-Yang Kuo, munthu amene sankakhulupirira konse zoti nyama zimangochita zinthu mwachibadwa. Mu 1930 analera ana amphaka m'magulu atatu. Amene ankaona mayi awo akupha makoswe, 85 pa 100 alionse anadzakhala akupha makoswe. Amene anakula okha osaona chilichonse, 45 pa 100. Amene anakulira mu khola limodzi ndi makoswe, 17 pa 100 okha. Tangoganizani, mphaka kuleka khoswe akudutsa pamphuno chifukwa anakula naye. Ena anawalera osawapatsa nyama, ndipo amenewo kupha ankaphabe koma ambiri osadya, kutanthauza kuti kusaka ndi kudya ndi zinthu ziwiri zosiyana m'mutu mwa mphaka. Apa mpamene ndimatsutsana ndi zija amati mphaka osamudyetsa, akakhuta sagwira makoswe. Wokhuta amagwira bwinobwino, ndipo mphamvu zake ali nazo. Kuo yemweyo pambuyo pake analeranso ana amphaka pa chakudya cha mtundu umodzi chokha, ena soya, ena nsomba ndi mpunga, ena zosiyanasiyana, ndipo a mtundu umodziwo atakula ankakana zachilendo pomwe a zosiyanasiyana ankalawa pafupifupi chilichonse.

Koma kafukufuku amene amandisangalatsa kuposa onse ndi wa mayi wina wochokera ku Poland amene ankagwira ntchito ku yunivesite ya UCLA ku America, Wanda Wyrwicka, mu 1978. Iyeyu anaphunzitsa amphaka aakazi kudya nthochi ndi mbatatesi yosinja, zinthu zoti mphaka wabwinobwino sangazikhudze. Njira yake inali yoika timawaya mu ubongo kuti mphakayo azimva kukoma akadya zimenezo, zachisoni ndithu, nthawi imeneyo zoterezi zinkaloledwa. Kenako anabweretsa ana awo amene ankangosiya kuyamwa kuti azionerera. Anawo, opanda waya aliyense, anayamba kudya nthochi, ndipo anapitiriza kudya olo mayi awo atachotsedwa, nyama ili pambali pomwepo. Ana ena a msinkhu womwewo amene sanaone mayi akudya, nthochiyo anaikana. Make mbuu mwana mbuu. Nthochi imene sakumva n'komwe kutsekemera kwake, akudya chifukwa amama adya.

Pali umboni woti zimayambira m'mimba momwe, fungo la zimene mayi akudya limafika kwa ana asanabadwe komanso kudzera mu mkaka, ndipo posiya kuyamwa amatsamira ku fungo lomwelo. Zili ngati za mbewa kwa anthufe, amene anakulira nazo akaziona pamsewu wa ku Lilongwe malovu amadzadza mkamwa, amene sanakulire nazo olo umulipire sangalume, chikhalirecho pakamwa n'pamodzi.

Tsopano za mkute zija. Khalani pansi tsiku lina muonerere mphaka wakumudzi akudya nsima yosakaniza ndi usipa. Bonya amatola usipa wokhawokha, kunyambita msuzi wonse, nsima kuisiya yoyera kuti nkhuku zimalize, kenako ulendo wa kuseri kwa khola kukasaka ndiwo yeniyeni. Amameza nsima pang'ono njala ikavuta, inde, koma si kuti akuikonda. A ku Waltham ku England, komwe ndi malo ofufuzira za ziweto a kampani ya Mars imene imapanga chakudya cha amphaka cha Whiskas, anapeza mu 2011 kuti mphaka ukamupatsa ufulu wosankha amasakaniza yekha zakudya mpaka mphamvu zake zichokere 52 pa 100 ku mapuloteni, 36 ku mafuta, 12 yokha ku zakudya za sitachi ngati nsimayi. Sitachi ikachuluka amasiya kudya olo asanakhute. Mu 2016 anayesanso zina, kuika fungo la nsomba, la kalulu ndi la malalanje m'zakudya, poyamba amphaka anathamangira cha nsomba, koma atazolowera anayamba kusankha potengera zimene zili mkati, mpaka kumadya cha malalanje kuti mapuloteni ndi mafuta zikwanire. Inde ndi kampani yogulitsa zakudya za amphaka ndiye munthu umawerenga diso limodzi lili tcheru, komabe zimagwirizana ndi zimene ndimaona pakhonde panga. Thupi limawerengera lokha ndipo mphakayo amaphunzira kuchokera ku mmene wamvera m'mimba akadya.

Kuphunzira kumeneku kuli ndi mbali ina yovuta. Mphaka akadya chinthu kenako n'kudwala, olo matendawo asachokere ku chakudyacho, atha kuchida kwa nthawi yaitali. Komanso ambiri amatopa ndi chinthu chimodzimodzi, chimene dzulo analimbirana lero sakuchifuna, mawa achifunanso. Ndiye pali ife eni ake. Mphaka wakana, walira pang'ono, wadzikhuza pamiyendo, ife mtima wagwa tatsegula kachitini ka nsomba kapena tamudulira kachiwindi. Mawa adya bwanji za dzulo zija? Waphunzira kuti kukana kumalipira, ndipo pa izi akuluakulu aja sakunama, timawasasatitsadi.

Pomwe ndimasiyana nawo kwambiri ndi mankhwala awo oti musiyeni, njala ikamuwawa adya. Kwa galu zimatheka. Kwa mphaka, makamaka wonenepa ngati Dona, n'zoopsa, akakhala masiku angapo osadya thupi limathamangitsira mafuta ku chiwindi mpaka chiwindicho kulephera, madokotala amati hepatic lipidosis, ndipo amafa nayo. Mphaka atha kugona ndi njala mbale yodzadza ili pambali pake ngati zili mmenemo saziwerengera kuti ndi chakudya. Akadutsa tsiku limodzi kapena awiri osalawa kanthu pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Ndiponso mphaka amene ankadya bwino akangoyamba kusankha mwadzidzidzi, musathamangire kunena kuti wayamba matama, nthawi zambiri ndi mano, zilonda mkamwa kapena impso, makamaka kwa okalamba.

Nsima yokha ndi msuzi kwa mphaka wotsekeredwa m'nyumba, amene sangatuluke kukasaka, si chakudya. Thupi lake silipanga taurine wokwanira, chinthu chofunika ku maso ndi mtima, amayenera kumupeza mu nyama, akasowa maso amachita khungu ndipo mtima umakula n'kufooka. Za mtimazi anazitulukira Paul Pion ku University of California, Davis mu 1987, ndipo panthawiyo amene ankadwala anali amphaka odya zam'masitolo zomwe, mpaka makampani anayamba kuwonjezera taurine m'zakudya zawo. Wakumudzi amapulumuka chifukwa cha mbewa zimene amagwira usiku, osati mkute.

Wamkulu amene anazolowera kale amasinthika koma pang'onopang'ono kwambiri, mumayamba ndi kanyenyeswa kachatsopanocho pambali pa chakale, kofunda, osamukakamiza komanso osamuimirira pamutu. Dona pano amalola nkhuku yowiritsa ikanyenyedwa bwino, usipa ndiye mpaka lero akuukwirirabe. Ngati mukumupatsa usipa, bonya kapena matemba, muzitsuka kaye kuchotsa mchenga ndi mchere ngati muli, ndipo muphike, nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi mwake. Msuzi wa pa mphika wathu usamufike ngati muli anyezi kapena adyo, zimenezi zimaswa magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe nawonso ambiri akakula umawatsegula m'mimba, ngakhale amaukonda.

Ntchito yosavuta ili pa tiana. Timayamba kulawa zolimba tili ndi masabata anayi ndipo pofika asanu ndi atatu timakhala tasiya kuyamwa, ndiye mukamakatenga kamphaka kwa aneba musafulumire kukalanda kwa make katangotsegula maso, kasiyeni kaone kaye mmene akudyera. Kakafika kwanu kapatseni zosiyanasiyana, lero kansomba, mawa kankhuku kapena dzira lowiritsa, timabisiketi pang'ono ngati thumba likulola, zofewa ndi zolimba zomwe. Zakudya zam'mapaketi kuno zimachokera kunja, mitengo yake imangokwera ndipo mwezi wina umapeza pashelefu palibe, ndiye mphaka wodziwa mtundu umodzi wokha ngati Dona amakuzunguliritsa masitolo tauni yonse pa minibasi.