Lipoti la ulendo wathu wa ku Chibuene

Popeza ambiri mwa inu munasonkha ndalama koma simunakwere nawo, ndaona kuti n'koyenera kulemba mmene gulu lathu linayendera kuchoka ku Ulongué kukafika ku Chibuene, pafupi ndi Vilankulo m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, kumene tinakaona mmene anzathu a m'mphepete mwa nyanja yamchere akutetezera malo a makolo awo kwa anthu ofuna kumangapo nyumba zogona alendo.

Tinawoloka Zambezi pa Tete, n'kudutsa Changara, Guro ndi Catandica mpaka ku Chimoio popanda chovuta. Tsoka linatipeza titakhota pa Inchope kulowa mumsewu wa N1, pamene tayala la machimbombo, basi imene tinakwera, linaphulika m'maenje tisanafike ku Muxúnguè. Jeke inali pansi pa matumba a mbatata ya kachewere imene tinanyamula ngati mphatso, choncho tinatsitsa katundu yense dzuwa likuswa mtengo, ndipo ngakhale amfumu anavula jekete n'kugwira nawo. Bambo mlembi anaima pamatumbapo akuwerenga mobwerezabwereza kuopa kuti lina lingatsale m'tchire, ndipo dzina la a Kachewere limene mukulimva tsopano linabadwira pamenepo.

Munthu wofika ku Chibuene koyamba akhoza kukhumudwa, chifukwa palibe linga kapena nyumba yakale. Pali mchenga, tchire, milu ya zigoba za nkhono ndi mapale amene amaonekera pamene mafunde akumba gombe. Komabe anthu anayamba kukhala pamenepa cha m'zaka za m'ma 600, ndipo ofukula zakale a ku Universidade Eduardo Mondlane, amene anayamba ntchito pamalopa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anapeza manda, mbiya zochokera kutsidya kwa nyanja ndi mikanda yagalasi yambirimbiri. Mikanda ya mtundu womwewo yapezekanso kutali kumtunda, kuchigwa cha Limpopo mpaka ku Botswana, kusonyeza kuti gombe limeneli linali khomo la malonda Apwitikizi asanafike. Amene anatiyendetsa anatiuza kuti nyanja ikudya mtunda mbali ino, makamaka pa namondwe ngati Freddy amene anagwera kuderali mu 2023, pamene mbali inayo kukubwera ogula malo. Kwa ine chimene chikuika malowa pangozi n'chakuti amaoneka ngati opanda mwini.

Pagombe pomwepo panabuka mkangano umene tiyenera kuulemba mwachilungamo. Mmodzi wa achinyamata athu anatola phale lokhala ndi zolembalemba n'kuliika m'thumba, akunena kuti akaonetsa ana kusukulu kwathu. Mayi msungichuma anamuona ndipo anati, "Mwanangu, bweza chimenecho pamene wachitola. Kodi mlendo atalowa kudambwe kwathu n'kutuluka ndi chinthu, iwe ungakhale chete?" Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti akapanda kulitenga, madzi alitengabe usiku womwewo. Kunena zoona, ambiri tinaona kuti mawu ake anali ndi nzeru, ndipo gulu linagawikana, ena uku ena uku, mpaka mawu anayamba kukwera pamaso pa eni dera. Amfumu ndiwo anaweruza kuti phalelo liperekedwe kwa wotiyendetsa, amene anafotokoza kuti chinthu chikachoka pamalo pake popanda kulembedwa, chimasiya kunena za nthawi yake ndi za anthu ake. Madzulo ake, mnyamatayo ndi mayi msungichuma anadyera mbale imodzi.

Chakudyacho chinali mpunga, chigwada chotendera ndi mtedza ndi kokonati chimene eni dera amati matapa, ndiponso nkhanu zazikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Agogo athu aakazi anakana nkhanuzo kwamtuwagalu, n'kupempha kuti awaphikire kachewere yemwe tinabweretsa, ndipo eni nyumba anachita zimenezo mokondwa.

Pa zamalamulo tinakumbutsidwa kuti lamulo nambala 10/88 limateteza chuma cha chikhalidwe m'dziko lonse la Mozambique, ndipo wopeza zinthu zakale ayenera kudziwitsa aboma. Lamulo la malo la 1997 limati mtunda wa mamita 100 kuchokera pamene madzi a nyanja amalekezera podzaza ndi wotetezedwa, moti munthu sangapatsidwepo DUAT, umene ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, koma chilolezo chapadera chokha, komanso limafuna kuti anthu a m'mudzi afunsidwe malo asanaperekedwe kwa wina.

Mfundo yomalizayi ndi imene inatikhudza kwambiri, chifukwa tonse tikukumbukira mabanja a ku Moatize amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha migodi ya malasha. Gule wamkulu anavomerezedwa mu 2005 ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma nkhalango za manda ndi madambwe kumene gule amatulukira zambiri sizinalembedwe papepala lililonse, ndipo wobwera ndi ndalama amangoona mitengo. N'chifukwa chake tinagwirizana pobwerera kuti mudzi uliwonse uyende malire a manda ake pamodzi ndi amfumu ndi akuluakulu a dambwe, kuti tikawapereke kuboma mvula isanayambe.

Tikuthokoza amayi amene anakazinga chimanga ndi mtedza wa kamba wapanjira, mabanja amene anapereka kachewere, adalaivala amene anatibweza amoyo, ndi anzathu a ku Chibuene amene anapirira kumasulira kuchokera ku Xitswa kupita ku Chipwitikizi kuti ife timve. Mayi msungichuma adzawerenga ndalama zonse za ulendowu pamsonkhano ukubwerawu, ndipo a Kachewere akupempha kuti amene anatenga matumba opanda kanthu awabweze kwa eni ake tsiku lomwelo.