Kuchoka ku Bangwe kupita pansi pa phiri: mmene tinasankhira pokhala ku Mulanje

Ine ndi amayi a Tadala titamvana zochoka mu Blantyre, sitinayambe ndi kufunsa kuti kokongola ndi kuti. Tinayamba ndi ntchito yanga. Ndimasunga mabuku a ndalama a mashopu angapo ku Limbe. Zambiri ndimachitira pa kompyuta ndi pa foni, koma kumapeto kwa mwezi eni mashopu amafuna kundiona maso ndi maso. Ndiye kulikonse tikanapita, kunayenera kukhala koti munthu n'kudzuka m'mamawa, kukwera minibasi, kugwira ntchito ku Limbe n'kukagona kunyumba tsiku lomwelo. Amayi a Tadala ndi telala, iwo amangofuna magetsi, khonde loikapo makina ndi msika wapafupi. Ana ndi awiri, wamkulu wa Sitandade 2, wamng'ono akadali wa kusikelo. Chotithamangitsa ku Bangwe chinali lendi yokwera chaka ndi chaka, nyimbo za m'mabala mpaka tambala woyamba, ndi bwalo loti mwana akamenya mpira umagwera m'mphika wa aneba.

Kuchokera ku Limbe misewu yopita ku Mulanje ilipo iwiri. Wina umadzera ku Bvumbwe, Thyolo boma ndi Luchenza n'kupitirira mpaka kumalire ku Muloza. Wina ndi wa Midima, wodzera pa Nkando, ndipo ndi wachidule. Tinagwirizana kuti tiyang'ane m'mphepete mwa misewu iwiriyi basi. Thekerani ndi Masambanjati tinazisiya pomwepo, ngakhale bata n'losasowa kumeneko.

Bvumbwe sitinachedwepo. Ndi pafupi, kumazizira bwino, ndiwo zamasamba ndi tomato n'zosayamba, koma anthu a m'tauni anafikako kale ndipo mitengo ya mapuloti ndi ya lendi yatengera ya mu Blantyre. Ku Thyolo boma ndi kumene mtima unatsala pang'ono kutinamiza. Ukaima pamsewu n'kuona minda ya tiyi itayala mapiri onse, umaganiza kuti malo ndi ambirimbiri. Kubiriwira konseko ndi kwa maesiteti, Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi ena, ndipo anthu wamba apanikizana m'timalo totsala m'mphepete. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ndipo a ku Mulanje anatsala pang'ono kufika pomwepo. Ndi maboma awiri omwewa amene boma linkatengako mabanja pa pulojekiti ya Kudzigulira Malo kukawakhazika ku Machinga ndi ku Mangochi chifukwa chosowa polima. Ndiye amene akubwera kuno ndi maloto a maekala asanu a chimanga ayambe wadziwa zimenezi. Ife tinatsitsa mtima: nyumba, kabwalo ka ana, ndi kadimba ka mpiru kuseri.

Makwasa inatikoka chifukwa cha chipatala cha Malamulo cha a Seventh-day Adventist, koma ndi kopatuka pamsewu waukulu, ndipo ulendo wanga wa ku Limbe ukanakhala wa magalimoto awiri. Luchenza ndi tauni yofatsa, yachidikha, njanji ikudutsa pomwepo, lendi yake yabwino. Amayi a Tadala anaikana chifukwa cha kutentha ndi udzudzu. Tinatsala ndi midzi yozungulira Chitakale, pamene msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukira, kufupi ndi Mulanje boma.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhazikikepo, chifukwa ambiri amasankha Mulanje atapitako mu Ogasiti kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba, kumwamba kuli mbee, msewu uli gwa. Mulanje wa mu Ogasiti ndi wa alendo. Wokakhalako apite mu Febuluwale, mvula itagwa masiku otsatizana, atsike pa siteji n'kuyenda wapansi mpaka pa nyumba imene akuifunayo. Walira mvula walira matope, ndipo matope akewo ndi bwino kuwaponda usanalipire lendi. Tinkayang'ana ngati wakabaza amavomera kulowa njirayo kukagwa mvula, ngati pakati pa nyumba ndi sukulu pali kamtsinje, ndiponso ngati pali mlatho weniweni kapena mitengo iwiri yogoneka. Timitsinje totsika m'phirili timadzaza mwadzidzidzi, ngakhale pamudzipo pasanadonthe n'kamodzi komwe, chifukwa mvula imakhala yagwa kumtunda.

Ndiye pali nkhani ya napolo. Akuluakulu a kuno sanaiwale za ku Phalombe mu 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatsegulanso mabala omwewo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Nyumba ina imene tinaikonda inali ya njerwa zootcha, ya malata atsopano, phiri likuoneka lonse ukakhala pakhonde. Tikuzungulira kuseri tinapeza agogo ena akupalira nandolo. Titapatsana moni, amayi a Tadala anagwada n'kufunsa kuti, "Agogo, madzi a Freddy aja kuno anafika pati?" Agogowo sanayankhe msanga. Anaika khasu pansi n'kutitsogolera kumapeto kwa munda, pamene panali miyala yoburungika, ina yofika m'chiuno, itandandalika mumzere kutsetsereka kumunsi, pakati pake mchenga woyera wopanda ndi udzu womwe. Anati, "Iyi sinali pano, ana anga. Inabwera usiku umodzi." Kuchokera pamiyalapo kufika pakhoma la nyumba ija panali poti mwana n'kuponya mwala n'kufikitsa. Tinathokoza n'kumapita. Kuyambira pamenepo, paliponse tinkayamba tayang'ana m'minda: miyala yosalala yokhala pamene palibe mtsinje ikutanthauza kuti madzi anadutsapo, ndipo njira imene anadzera saiiwala.

Nyengo ina yofunika kuionera nyumba ndi ya chiperoni, cha mu Juni ndi Julaye, pamene kamvula kowaza ndi nkhungu zimatha masiku dzuwa osaoneka. Sikuti mpaka upitenso nthawi imeneyo, makoma amanena okha. Suntha kabati, yang'ana m'makona ndi kuseri kwa chitseko. Ukaona chuku chakuda, kapena penti watsopano m'munsi mokha mwa khoma, dziwa kuti nyumbayo imamwa madzi, ndipo mwana wa chifuwa savutika kudwala m'menemo.

Za madzi akumwa musafunse eni nyumba, yankho lawo ndi lakuti satha. Funsani amayi amene ali pamzere pa mpopi. Pa boma ndi pozungulira pake madzi ndi a Southern Region Water Board, olipira mwezi ndi mwezi. M'midzi yambiri muli mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri popanda injini, yoyang'aniridwa ndi makomiti a m'mudzi, ndipo banja lililonse limasonkha kangachepe. Madzi ake ndi ozizira, okoma, koma mvula ikakula mapaipi amakokoloka kumtunda, ndipo mu Okutobala mipopi ya kumapeto kwa mzere imangolira mphepo. Funso lathu linali lakuti mpopi ukauma amakatunga kuti, ndipo mjigo wake uli patali bwanji. (Pena zimaseketsa kuti madzi a mu Likhubula omwewa amaponyedwa m'mapaipi mpaka ku Blantyre, pamene wina wokhala pansi pa phiri akulawirira ku mjigo.) Magetsi tinkafuna mita yathuyathu ya ESCOM, osati yogawana ndi nyumba zitatu, poti makina osokera ndi ayironi zimayambitsa milandu ya mayunitsi. Netiweki ndinkaiyesera m'chipinda chogona chitseko chitatsekedwa, ndi layini ya Airtel ndi ya TNM, n'kutumiza chikalata cholemera pa intaneti kuti ndione ngati chipita. Pabwalo netiweki imagwira paliponse, koma munthu sugwira ntchito pansi pa mtengo wa mapeyala mu chiperoni.

Ku sukulu tinapita pakati pa sabata cha m'ma 10 koloko, osapangana ndi wina aliyense. Tinasuzumira m'kalasi ya Sitandade 2, tinaona zimbudzi, kenako tinakalowa kwa aphunzitsi aakulu. Iwo anatiuza kuti tibwere ndi kalata ya transfer yochokera kusukulu yakale ndi lipoti la teremu yomaliza, basi. Wamng'onoyo tinamupezera sukulu ya mkombaphala pa tchalitchi chapafupi. Zipatala zazikulu ndi ziwiri, cha boma chaulere ndi cha Mulanje Mission cha CCAP cholipira. Chimene ndinachita n'kusunga manambala a akabaza awiri odziwika pamudzipo amene amadzuka usiku, chifukwa malungo a mwana sadikira kuti kuche. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anatiuza tsiku la sikelo, ndipo buku la kuchipatala la mwana ndi lomwe lija, silisintha.

Tsopano malo. Mbiri itangomveka kuti kwabwera a ku Blantyre ofuna pokhala, anthu ogulitsa mapuloti anayamba kutipeza okha. Bambo wina anationetsa malo abwino ndithu, okwera, a mitengo ya mango iwiri, n'kunena kuti tikapereka theka lero mawa tiyambe kuumba njerwa. Amayi a Tadala, amene kwawo ndi ku Chiradzulu ndipo mwambowu anakulira momwemo, anafunsa mofatsa kuti, "Pepani bambo, kodi kuno ndi kwanu kapena ndi kwa mayi?" Bamboyo anaseka n'kuvomera kuti iye ndi mkamwini. Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo malo amayenda m'mbumba ya akazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Mkamwini akhoza kulima munda zaka makumi awiri, koma alibe mphamvu yougulitsa. Ngakhale mayi mwini wake sagulitsa yekha. Pafunika abale ake aakazi avomere, ndi malume amene ndi mwinimbumba akhalepo. Mukadumpha mmodzi, adzatulukira nyumba ili pa windo levulo.

Ndondomeko imene anatifotokozera ku ofesi ya za malo kwa DC ndi iyi. Mukumane ndi banja lonse, osati munthu mmodzi. Muyende malire onse pamodzi ndi eni minda yoyandikana nayo, a mfumu kapena nduna zawo ali pomwepo, ndipo pamakona mubzale zizindikiro zooneka. Zonse zilembedwe, aliyense asayine kapena adinde chala, mfumu idinde chidindo chake. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pansi pa a gulupu, ndipo mwa mamembala ake atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi, choncho mufunse ngati m'deralo komitiyo ilipo n'kudzera kumeneko. Musanapereke ndalama mupite nokha ku ofesi ya za malo mukatsimikize kuti puloti siili m'malire a esiteti, a nkhalango yotetezedwa ya phiri, kapena m'gawo la msewu. Titamva zonsezi tinagwirizana kuti chaka choyamba tichite lendi. Pa ine ndekha, banja lililonse lobwera kuno lingachite bwino kutero: mvula imodzi ndi chiperoni chimodzi uli m'nyumba ya eni, uku ukumva m'makambidwe a pa mjigo kuti ndi malo ati ali ndi mkangano.

Nyumba tinaipeza m'mudzi wina kumadzulo kwa Chitakale, pamalo okwera kutali ndi khwawa, ulendo wapansi wosatopetsa kukafika pamsewu wa tala. Eni ake ndi mayi wamasiye amene anasamukira kwa mwana wake. Tinalemberana pangano la lendi m'kope, aliyense n'kusunga pepala lake, ndipo tinalembamo ndi za mitengo ya zipatso, kuti mapeyala ndi athu koma nthochi ndi zawo.

Tisanabweretse katundu, mayiwo anatiperekeza kwa a mfumu. Ichi musachidumphe ngakhale mukungochita lendi. Tinatenga kalata yochokera kwa mfumu ya kumene tinkakhala ku Bangwe, ziphaso zathu za unzika, ndi kangachepe m'manja monga mwa ulemu. Tinakhala pamphasa, mayiwo ndi amene anatiyankhulira, ife n'kumangoomba m'manja. A mfumu anafunsa kwathu, mpingo wathu ndi ntchito yathu, kenako anauza mlembi wawo kuti atilembe m'kaundula wa mudzi. Anati, "Bambo a Tadala, kuno kukagwa zovuta sititumiza ndalama pa foni. Timabwera." Anatifotokozera za chopereka cha pamaliro, mbale ya ufa ndi kandalama pa khomo lililonse, ndi tsiku la chitukuko pamene mudzi wonse umakatuta mchenga wa buloko ya sukulu. Amene akufuna bata loti atseke geti osadziwana ndi munthu, mudzi sungamuyanje, kuli bwino akafune nyumba kumalayini a pa boma. Kalata ya mpingo tinakapereka Lamulungu lotsatira, ndipo amayi a Tadala maoda awo oyamba a mayunifolomu anawapeza kwa amayi a mvano.

Tinasamuka mu Ogasiti, msewu uli wouma ndiponso sukulu zili pa holide, kuti Tadala akayambe chaka chatsopano mu Sepitembala pamodzi ndi anzake. Lole ya matani atatu inakwana zonse, makina osokera atakulungidwa m'mabulangete pakati pa matiresi. Dalaivala tinapangana naye mtengo wofikitsa pakhomo, osati pa Chitakale, chifukwa ena akafika pamene tala wathera amayamba nkhani ina.

Puloti tinaipeza pambuyo pake, m'mudzi womwewu. Malire tinayenda, a malume a banjalo anavomera, alongo awo awiri anadinda zala. Watsala mmodzi amene ali ku Johannesburg, ndipo akuti abwera pa Khirisimasi. Ndalama zikadali ku banki mpaka iyeyo adzasayine.